Msangu wa njuchi

Fungo la utsi wa malasha limandibwezera ku munda wathu wa kufupi ndi Mpanshya. Ndi utsi wolemera, wonunkha dothi lonyowa ndi nkhuni zaziwisi, ndipo suchoka msanga m'malaya.

Tinasamukira kumeneko atate atachotsedwa ntchito ku Kabwe. Iwo anakulira m'komboni, khasu analigwira atakula kale. M'munda umene tinapatsidwa munali mitengo ikuluikulu yaminga, ya makungwa otuwa. Mvula itayamba, thengo lonse linabiriwira, koma mitengo imeneyi inayoyola masamba n'kutsala nthambi zokha. Atate anati ikufa, ndipo kunali bwino kuidula chiswe chisanaidye. Anaigwetsa, naiotcha malasha, n'kumakagulitsa kumsewu waukulu pa njinga. Unatsala umodzi wokha, wa kumapeto kwa munda. Mumphako mwake munali njuchi, ndipo zinawatupitsa diso tsiku limene anauyesa nkhwangwa.

Mvula itatha, udzu utauma, mtengo uja unaphuka masamba. Ba Shamilimo, a munda woyandikana ndi wathu, anaima pamalire nayang'ana zitsa.

"Ba neba, msangu ndi mmene umachitira. Dzinja umavula, chilimwe umavala."

Atate anangoti, "Sindinadziwe."

Dzinja lotsatira ndilo ndimalikumbukira kwambiri. Tinabzala ndi mvula yoyamba, chimanga chinamera bwino, chinafika m'chiuno mwanga. Kenaka kumwamba kunayera. M'mawa uliwonse amayi ankatuluka kukayang'ana kum'mawa, n'kubwerera m'nyumba. Masamba a chimanga anapotana ngati a anyezi, ndipo mphepo ikadutsa ankalira ngati mapepala. Dothi linkatentha kumapazi moti tinkathamanga kuchoka pamthunzi wina kufika pa wina.

Mlongo wanga Enelesi anali wamkulu kwa ine, wa giredi seveni. Ndiye ankandisambitsa ndi kundichotsa minga m'mapazi ndi pini. Azakhali a ku Lusaka anali atatumiza kale mawu akuti akufuna mtsikana wowalerera ana. Amayi anayankha kuti aona nkhokwe: ikafika pakati, mwana sapita kulikonse. Tonse tinamva mawu amenewo, ndipo kuyambira pamenepo Enelesi ankapita kumunda m'mamawa, ngakhale kunalibe cholima.

Ndinkamupeza pansi pa msangu. Pamenepo pokha chimanga chinali chobiriwira, bwalo lozungulira mtengo ngati lichero. Dothi lake linali lakuda, lofewa ndi masamba owola, ndipo ukapisa chala linali lozizira. Mthunzi wa nthambi zopanda masamba unali wopyapyala ngati ukonde. Njuchi zinkangolira pamwamba pathu. Enelesi ankafinya zisononkho chimodzichimodzi kuti amve ngati zakhwima.

"Izi zokha zingafike pakati?" anandifunsa tsiku lina.

Ndinati inde, chifukwa ndinkakhulupiriradi.

Tinakolola ndi madengu, ngolo sitinabwereke. Zonse zinachokera pansi pa mtengo uja, ndipo sizinaphimbe ngakhale pansi pa nkhokwe. Amayi anasankha zisononkho zabwino za mbewu, nazimangirira padenga la khitchini. Chimanga chachikasu cha chithandizo chisanatifike, Enelesi anakwera minibasi atavala diresi la kutchalitchi, zovala zina zili m'chitenje. Anandisiyira pini yake. Sukulu sanabwererenso. Anakwatiwa komweko, ndipo kwathu ankangobwera pamaliro.

Masiku amenewo atate ankayenda m'munda madzulo, mapesi akuthyoka pansi pa nsapato zawo. Pa chitsa chilichonse ankaima, n'kutembenuka pang'onopang'ono mpaka kuzungulira, kenaka n'kupita pa china. Ine ndinkayesa kuti ataya chinthu, mwina mpeni, ndipo ndinkawatsata kumbuyo maso ali pansi kuti ndiwatolere.

Ndinkakhulupiriranso kuti njuchi ndizo zinalondera chimanga chathu kuti dzuwa lisachigwire. Lero ndikudziwa kuti anali masamba a zaka zambiri amene anasunga chinyezi m'dothi, ndi kamthunzi kaja. Ndikudziwanso chimene atate ankachita pa zitsa. Ankayeza ndi maso bwalo la chimanga limene likanakhalapo, kuliwonjezera pa linzake, kuti aone ngati nkhokwe ikanafika pakati.