Nthungululu ya Nafisa

Nafisa anabadwa pa 21 Okutobala 1964, tsiku limene ophunzira a ku Khartoum anayamba kuukira boma la asilikali. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinalemba tsikulo m'kope langa loyamba. Ndinadzakhala mphunzitsi, ndipo mpaka lero nyumba yanga ndi ya Nafisa kuno ku Omdurman, kutsidya kwa mtsinje kuchokera ku Khartoum, n'zoyang'anizana.

Ntchito yake ndi yojambula hina, utoto wokongoletsa khungu, m'manja ndi m'mapazi mwa akwati, koma anatchuka ndi nthungululu. Ikalira ya Nafisa, ngakhale ogulitsa nyemba kumsika ankadziwa kuti mkwati watuluka.

Zionetsero zotsutsa boma zitayamba mu Disembala 2018, anthu sankasonkhana poyera. Ankafika mmodzimmodzi, wina ngati akugula buledi, wina ngati akudikira basi. Ikakwana 1 koloko masana, mkazi mmodzi ankaimba nthungululu, onse n'kuthamangira mumsewu. Kwathu kuno mkaziyo anali Nafisa.

"Aphunzitsi, kope mwatenga?" ankandiseka. "Lembani kuti lero ndakwatitsa dziko."

Pa 11 Epulo 2019 msilikali amene ankalamulira dziko lathu anagwa, koma mpando unatsala ndi asilikali anzake. Muzamil, mwana mmodzi yekhayo wa Nafisa, wokonza mafiriji, anakhalabe pabwalo la zionetsero kudikira boma la anthu wamba. Pa 3 Juni anthu a mfuti anabalalitsa bwalolo, ndipo Muzamil sanabwerere. Nafisa anazungulira m'zipatala, mosungira mitembo, m'mbali mwa mtsinje. Atatopa analumbira kuti sadzaimbanso nthungululu mpaka mwana wake atalowa pakhomo lake. Ku maukwati ankajambula hina n'kuchoka mwakachetechete.

Pa 17 Ogasiti asilikali anasaina pangano logawana ulamuliro ndi anthu wamba. Msewu wonse unavina. Ine ndinamupeza Nafisa akusefa hina pabwalo la nyumba yake.

"Mukuti atisiyiradi mpando, aphunzitsi?"

"Mu 1964 anachoka, mu 1969 anabwerera. Mu 1985 anachoka, mu 1989..."

"Basi, basi! Inu ndi madeti anuwo, munthu angasiye tiyi asanamwe."

Pa 25 Okutobala 2021 asilikali anabwereradi. Mafoni anazimitsidwa. Pa 30, m'mawa, ndili kwa Nafisa, kunabwera Tasnim, mtsikana wophunzira udokotala amene ankakonza zionetsero za dera lathu.

"Azakhali, lero 1 koloko, pa bekale."

"Akazi atha mu Omdurman? Iweyo pakamwa ulibe?"

"Ndinayesa Lachinayi. Anthu sanawadziwe mawuwo, anaganiza kuti ndi msampha. Amene anatuluka anali ochepa, anawatola ngati nkhuku. Yanu ndiyo amaidziwa."

"Ndinalumbira, mwanawe."

"Ndikudziwa, azakhali."

Tasnim anachoka. Nafisa anasesa pabwalo posesedwa kale, anatsuka makapu oyera, anatuluka pakhomo n'kulowanso. Itakwana 12 koloko ndi theka anadzifunda nsalu yake, nati akukagula buledi. Ndinamutsatira, wotchi ili m'manja.

Pa bekale panali mzere wautali wa anthu opanda majumbo. Pamalo okwerera basi panadzaza, pamene basi sizinkayenda tsiku limenelo. Kumapeto kwa msewu kunaima galimoto ziwiri za anthu a mfuti.

1 koloko inakwana. Nafisa anangoti duu. Panadutsa mphindi imodzi, kenako ziwiri. Bambo wina anatuluka pamzere n'kuyamba ulendo wa kwawo, anyamata atatu n'kumutsatira. Tasnim ankayang'ana pansi.

Patadutsa mphindi zinayi, Nafisa anaika dzanja pamwamba pa mlomo. Mawu anatuluka osasa, n'kuduka. Anayambanso, ndipo ulendo uno inali ija ya kale. Anthu anatuluka m'makhonde, m'tinjira, kuseri kwa mipanda, mpaka msewu unadzaza.

Iye sanapite kutsogolo monga ankachitira. Anaima m'mbali, akuyang'ana nkhope ya mnyamata aliyense wodutsa, kufikira womaliza. Utsi wokhetsa misozi unali utayamba kutifika.

"Mwalemba chiyani?" anandifunsa.

"Tsiku ndi nthawi."

"Musalembe kuti ndaphwanya lumbiro. Lembani kuti ndamuitana."

Ndinalemba choncho. Madzulo ake anasiya chitseko chosatseka, ndipo m'mawa mwake anabwera kudzafunsa ngati Tasnim wanena tsiku lina.