Nambala ya Injini ya a Sipanala

A Sipanala anakonza galimoto za anthu zaka makumi anayi, koma iwo eni anali asanatulukepo m'dziko. Dzinalo analipeza chifukwa cha sipanala imene sinkachoka m'thumba la malaya awo, ngakhale pa ukwati. Ntchito anaiyamba ndi kutsuka mabawuti m'beseni la parafini. Anakalambira pa galaja yawoyawo kuseri kwa nyumba: denga la malata, dzenje lolowera kunsi kwa galimoto, ndi mtanda wachitsulo wopachikapo tcheni. Galimoto yodwala ankaidziwa matenda ake isanafike n'komwe pageti.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, kuoloka malire awiri. Chaka chimenecho anali ndi pakati poyamba, ndipo adokotala anati adzachira ndi opaleshoni. Mwanayo anaimba foni kuti akufuna amayi ake adzakhalepo. Kunatsala masabata atatu. Koma amayiwo bondo linali litawakana kalekale, moti masiku awiri pa basi sakanatha.

"Tipita pa yathu," anatero a Sipanala.

Anasintha matayala onse anayi ndi mabuleki. Anagula lamba wa fani wapadera. Mpando wakutsogolo anausunthira m'mbuyo kuti mwendo wa akazi awo uziwongoka. Ulendo wonse anaulemba pa katoni ya oyilo: pothira petulo, pogona, ndi poima maola awiri aliwonse kuti amayi atambasule bondo.

Kenako mkamwini wawo anaimba kudzawauza za mapepala. Pasipoti, inshuwalansi, buku la galimoto, ndi kalata yoilola kutuluka m'dziko.

"Kalatayo amapereka akaiona galimoto, bambo. Amayang'ana nambala ya injini ngati ikufanana ndi ya m'buku."

A Sipanala anatseka foni n'kupita ku galaja.

Injini ya m'galimotomo sinali ya m'buku. Anaiika okha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ataigula kwa wogulitsa zida za galimoto zangozi. Inalira bwino, iwo n'kusamba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Yakaleyo inali pakona, itafunditsidwa chiguduli.

A Sipanala sanawauze akazi awo. Maofesi ankawaopa kuyambira kale. Munthu wa tayi akawafunsa funso, lilime linkauma. Anaona ngati akapita kumeneko akauzidwa kuti injini ndi yakuba, galimoto n'kulandidwa, mwana n'kulowa m'chipatala amayi ake palibe. Tsono anaganiza ngati makaniko: ngati buku likufuna injini yakale, injini yakale ibwerere. Ankadziwa kuti imamwa oyilo ngati madzi, ndipo kumapiri ikafooka. Koma nambala ikhala yomweyo.

M'mawa amayi anamva tcheni chikulira. Anatuluka ndi ndodo yawo.

"Abambo, galimoto yabwinobwino mukuichotseranji matumbo?"

Anayesa kuzemba, koma mapaipi a madzi anali kale pansi. Anaulula.

"Ndiye mukufuna mundinyamule pa chinthu chija chinkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya?"

"Nambala ndiyo ikufunika, amayi."

"Mwana akufuna ine, osati nambala. Tikakafera paphiri, nambalayo ndiyo idzatikankhe? Mwafunsa?"

"Kufunsa ndani?"

"Eni ake a manambalawo. Munaba injiniyi?"

"Ine? Kuba?"

"Nanga mukunjenjemera chiyani? Lisiti lili kuti?"

Linali pa msomali wa pakhoma, pakati pa mapepala ena ambirimbiri, lakuda ndi girizi koma lowerengeka. Amayi analipukuta ndi nsonga ya nsalu n'kuliika m'chikwama chawo.

"Bwezerani zimene mwamasulazo. Mawa tikupita, ndipo muvale malaya oyera."

Ku ofesi anakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Woyendera galimoto anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Anawalitsa tochi m'boneti, anawerenga nambala, anayang'ana m'buku, kenako anayang'ana a Sipanala.

"Agogo, izi sizikugwirizana."

Amayi anatulutsa lisiti.

"Anasintha okha, mwanangu. Manja ndi anzeru, koma mutu umaopa cholembera."

Mtsikanayo anawerenga tsiku la pa lisitilo. "Zaka zisanu ndi zitatu, agogo? Munali kuti?"

"Kunsi kwa galimoto," anayankha a Sipanala.

Mtsikanayo anaseka, n'kuwapatsa fomu ya tsamba limodzi. Anati ayamba wafufuza ngati nambalayo ili m'gulu la zobedwa, ndiye abwerenso Lachinayi.

Masiku atatu odikirawo a Sipanala sanagwire ntchito yooneka. Ankakhulupirira wogulitsa uja, koma sankadziwa kumene iyeyo anaitenga injiniyo. Ankangopukuta magalasi opukuta kale. Lachinayi anapita okha. Anapeza buku litakonzedwa, kalata ili pamwamba, chidindo chofiirira pansi pake. Anaiwerenga kawiri ali chiimire, kenako anakakhala m'galimoto kanthawi osailiza, manja ali pachiwongolero. Atafika kunyumba anangoti, "Zatheka." Amayi anati, "Ndiye kwezani zikwama."

Ananyamuka Loweruka kutangocha. Injini inakwera mapiri onse osatentha. Bondo linatupa tsiku lachiwiri, koma linapirira. Pa malire onse awiri anawadindira mapepala, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anatsegula boneti.

"Mwaona? Tinavutika chabe," anatero a Sipanala atadutsa achiwiriwo.

"Yendetsani galimoto, abambo."

Anafika kutatsala masiku anayi kuti opaleshoni ichitike. Mwana wawo anali pageti, dzanja limodzi litagwira msana. Amayi anatsika pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, n'kuyamba kumukalipira chifukwa choima padzuwa.