A Hutala ndi Nsomba Ziwiri za Akazi Awo

A Hutala anayendetsa lole zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo dzinalo anawapatsa ndi madalaivala anzawo chifukwa cha mawu awo okwera ngati hutala ya lole. Akati akunong'ona, a nyumba yachitatu ankamva nkhani yonse. Anali munthu wansangala, wa kamimba kake ndithu, wodziwa injini kuposa ana ake. Apa sindikuwanena ayi, ankavomera okha. Ana anayi anabadwa, anakwawa, anayamba sukulu, iwo ali pamsewu. Ankafika pakhomo masiku atatu pa mwezi, kugona, kudya, kusiya zovala zakuda n'kunyamukanso.

Atapuma pa ntchito m'pamene anazindikira kuti m'nyumba mwawo momwe anali mlendo. Pokhala masupuni sankapadziwa. Akatsuka mbale, akazi awo ankazitsukanso mwakachetechete. Akati akonze chitseko, ankapeza kuti chinakonzedwa chaka chatha. Panalibe wowanyoza, koma panalibenso wowatuma kanthu, ndipo zimenezi zinkawawawa kuposa kunyozedwa. Munthu amene ankapatsidwa katundu wodzaza lole kuti akamufikitse kutali, pakhomo pake sankamusiyira ngakhale ketulo.

Akazi awowo anagwira ntchito yosesa ndi kukolopa kwa dokotala wa mano zaka khumi ndi chimodzi. M'chipinda chodikirira munali thanki yagalasi ya nsomba za m'madzi amchere, yomwe dokotalayo anaika kuti odwala aziiwala kuti akudikira kuzulidwa dzino. Woisamala weniweni anali mayiwa. Dokotala atatseka n'kusamukira kwina, anati palibe wina amene angazisunge nsombazo, tengani. Thanki inalowa pabalaza mwezi womwe a Hutala anasiya ntchito. Miyala yake inabwera m'ndowa, ili yomizidwa m'madzi, pakuti ikauma tizilombo tosaoneka timene timayeretsa madziwo timafa. A Hutala ataona ndere pamiyalapo anatenga burashi ndi sopo kuti athandize. Tsiku limenelo anapulumuka ku mkwiyo wa akazi awo chifukwa anthu onyamula katundu anali asanachoke.

Thankiyo inakhala pamwamba pa kabati, ndipo m'kati mwa kabatimo munali thanki ina yaing'ono yosasangalatsa m'maso. Madzi a pamwamba ankasefukira m'paipi n'kutsikira mmenemo, kudutsa m'thonje losefa ndi pakati pa timiyala, kenako pampu inkawakwezanso ali oyera. Munalinso kachubu kotola thovu lakuda lonunkha, lomwe mayiwa ankakhuthula atatseka mphuno.

"Kathanki ka pansika n'kachiyani?" anafunsa a Hutala.

"Imeneyo ndi sampu."

"Sampu? Mayi, bwanji osanena kale? Injini iliyonse ili ndi sampu. Ine ndakalambira pansi pa sampu."

"Iyi si ya oyilo, Bambo. Chotsani manja."

Anachotsa manja, ndipo anakhala ochotsa zaka zinayi. Nsombazo zinali ziwiri zokha, zamtundu wa lalanje, za mizere itatu yoyera, zosaposa chala. A Hutala ankauza alendo kuti zonse ziwiri sizingakhutitse mphaka. Munalinso nkhono zisanu ndi imodzi zomwe zinkanyambita ndere pagalasi. Pakamwa ankanyoza choncho, koma masana akazi awo akapita kumsika, ankakokera mpando pafupi, nyuzipepala ili pamiyendo, maso ali pa tinsombato. Ankatikonda, kungoti analibe poyambira kunena.

Kenako mwana wawo wamkazi woyamba anachira, mapasa, ndipo anachita kumung'amba. Pankafunika mayi ake kwa milungu itatu. Mayiwa anaimbira mng'ono wawo kuti adzasunge nsomba, koma mng'onoyo anali ndi maliro kuchimuna. Anaimbira mnzawo wa kuntchito kuja, foni yosagwira. Pomaliza anaima pabalaza n'kuwayang'ana amuna awo monga munthu ayang'anira nsapato yomwe akukayika ngati ingamukwane.

"Bwerani mugwade apa," anatero, akutsegula kabati. "Chakudya kamodzi pa tsiku, chongotsina ndi zala ziwiri. Thonje muzichapa Lachitatu. Ndipo m'mawa uliwonse muziyang'ana mzere ndajambulawu pa sampu. Madzi amaphwa. Akatsika, muwonjezere a m'zigubu izi mpaka afike pa mzere. Mukundimva?"

"Ndamva, ndamva."

"Zonse ndalemba papepala ili."

"Mayi, ine ndadutsa mayiko opanda pepala."

Mayiwa sanaseke. "Chilowere m'banja muno sindinakupempheni kanthu, Bambo. Nsomba zanga ndidzazipeze zamoyo."

Mawu amenewo anawalowa a Hutala mpaka m'mafupa. Atawaperekeza ku basi anabwerera akuimba mluzu msewu wonse, chifukwa kwa nthawi yoyamba anali atapatsidwa ntchito pakhomo pawo. Pepala lija analipinda bwinobwino n'kuliika pansi pa wailesi, osaliwerenga.

M'mawa mwake anagwada pa kabati, n'kupeza madzi atatsikadi pang'ono. Anatsegula chigubu, anaviika chala, n'kulawa. Madzi ali zii, opanda mchere ngakhale pang'ono. Anapukusa mutu momvera chisoni. Mayi uja wachoka mothamanga, waiwala kuthira mchere. Iwo anali ataona kangati akazi awo Loweruka akusungunula mchere wa m'ndowa yoyera uja posintha madzi? Ndipo lamulo la pamsewu ankalidziwa: oyilo akachepa umawonjezera oyilo, mafuta a mabuleki akachepa umawonjezera mafuta a mabuleki. Nsomba za m'madzi amchere ungazithirire madzi akumwa? Anatapa mchere ndi kapu yomwe mayiwa ankatapira, anatakasa mpaka wonse unasungunuka, anathira kufika pa mzere ndendende. Anatsimikiza mumtima kuti cholakwa cha akazi awocho sadzachitchula n'komwe, pakuti mwamuna wabwino amaphimba zotere.

Masiku amenewo anali okoma. A Hutala ankadzuka, kusamba, kuvala malaya opisira ngati akupita ku depoti, n'kuyamba ntchito. Galasi ankalipukuta mpaka kuwala. Thovu lonunkha lija ankalikhuthula osatseka mphuno, kuonetsa kuti iwo anadutsa m'zonunkha zoposa apa. Nsombazo ankazilankhula ndi mawu awo aja, moti a nyumba yoyandikana anafunsa ngati kwabwera alendo. Madzulo akazi awo akaimba foni, yankho linali limodzi: "Zikudya, zikusewera, mtima pansi."

Tsiku lachisanu ndi chitatu nkhono ziwiri zinagwa pagalasi n'kugona chagada. Anaziimika, zinagwanso. M'mphepete mwa thanki munayamba kuuma mchere wambiri woyera. Pofika tsiku lakhumi ndi limodzi nsomba sizinabwere kudzalandira chakudya. Zinangokhala pakona kuseri kwa mwala, zikupuma mofulumira. A Hutala anati zasowa mayi wawo basi.

M'mawa wotsatira kunabwera aphunzitsi a nyumba yoyandikana ija, atanyamula batire ya galimoto yawo. Inkakana kuliza injini. A Hutala anatsegula zivindikiro pakhonde, n'kupeza madzi a m'kati atatsika.

"Ndiye ndikagule asidi ndiwonjezere?" anafunsa aphunzitsi.

A Hutala anaseka chikhakhali. "Inu aphunzitsi, sukulu yonse ija? Mu batire simuwonjezera asidi. Chimene chimauluka ndi madzi okha, asidi amatsala momwemo. Mukathiranso asidi ndiye kuti mukumuchulukitsa, batire ipsa. Mumathira madzi okha, osalala, opanda..."

Anathera pomwepo, kukamwa kuli yasa. Aphunzitsi anadikira mawu otsalawo, koma a Hutala anali atalowa kale m'nyumba, nsapato imodzi itatsala pakhonde.

Mu kabati munali kachipangizo kapulasitiki koyezera mchere, kokhala ndi kamuvi. Anakamiza m'madzi. Kamuvi kanadutsa malo obiriwira, kanakwera, n'kukaima kumapeto kwenikweni. Anasolola pepala lija pansi pa wailesi. Mzere woyamba, m'zilembo zikuluzikulu, wodulidwa mzere kawiri kunsi kwake, unkati madzi owonjezera akhale opanda mchere. Masiku khumi ndi awiri a Hutala anakhala akuunjikira nsomba za akazi awo mchere, mwakhama, nthawi yake yomweyo, atavala malaya opisira.

Anakhala pansi, pa simenti. Ganizo loyamba limene linawabwerera linali lochititsa manyazi, loti zikafa akafunefune zina zofanana nazo. Analitaya msanga. Mayi uja ankadziwa mzere uliwonse wa nsomba zake, ndiponso iwo anali asanamunamizepo pa chinthu chachikulu. Anaimba foni, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo a Hutala analankhula motsitsa moti anauzidwa kuti akweze mawu.

Anafotokoza zonse. Kumbali inayo kunkamveka makanda awiri akulira mopikisana.

"Zili moyo?" anafunsa mayiwa.

"Zili moyo, koma sizikudya. Kwerani basi ya mawa, Mayi. Ine ndalephera."

"Ndikwere basi, ndisiye mwana ali ndi bala pamimba? Inu manja muli nawo awiri. Tamverani, ndipo lero mumve zenizeni. Musathire madzi ambiri nthawi imodzi, zingafe ndi kudzidzimuka. Muzitunga kapu imodzi mu sampu n'kutaya, kenako muzithira kapu imodzi ya m'chigubu, yopanda kanthu. Ola lililonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mcherewo unakwera pang'onopang'ono, utsikenso pang'onopang'ono."

"Ngati kutsika phiri ndi katundu. Giya yaikulu, osaponda mabuleki mwadzidzidzi."

"Tchulani mmene mungatchulire, bola muchite."

Anachitadi. Anaika wotchi pamwamba pa kabati, mpando patsogolo pake, chigubu kumanja, ndowa kumanzere. Anzawo a ku depoti atabwera kudzawatenga kuti akacheze, anawabweza pakhomo, amvekere ali pa ntchito. Aphunzitsi ankasuzumira pobwera kusukulu kudzafunsa kuti kamuvi kafika pati, ndipo ankauzidwa mwatsatanetsatane kuposa mmene ankafunira. Kamuviko kankatsika mochedwa zedi, tsiku lonse kusuntha ngati kukula kwa chikhadabo. Nkhono ziwiri zija zinafa. A Hutala anazivuula, anatsuka zigoba zake, n'kuziika m'sosala kuti mwini wake adzaone yekha.

Tsiku lachinayi chiyambire kutsitsa mcherewo anatsina chakudya monga mwa nthawi zonse, osayembekezera kanthu, n'kumiza zala m'madzi. Nsomba yaikuluko inatuluka kuseri kwa mwala, inazungulira kamodzi, n'kuthamangira chalacho. Inasiya chakudya n'kuwaluma iwo.

"Yandiluma!" anakuwa pa foni, moti panalibe chifukwa cha foniyo. "Mayi, yandiluma chala."

"Ndiye kuti yachira," anatero mayiwa, ndipo a Hutala anamva kuti akuseka, mwina akuliranso. "Imeneyo imaluma aliyense wolowa m'nyumba mwake. Ine yandiluma zaka zonsezi."

Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi kamuvi kanali katabwerera pakati pa malo obiriwira, nsomba zonse ziwiri zikulimbirana chakudya.

Mayiwa anafika Lamlungu masana, atatopa, mapazi atatupa ndi ulendo. Anaika chikwama pansi n'kuima patsogolo pa thanki nthawi yaitali. Tinsomba tija tinabwera pagalasi tikugwedeza matupi. Anatsegula kabati, anaona mzere, anagwira thonje, ananunkhiza madzi. A Hutala anali chilili kumbuyo kwawo, sosala ya zigoba ili m'manja.

"Izi ndiye ndinapha," anatero. "Ziwiri."

Mayiwa anayang'ana zigobazo, kenako anayang'ana amuna awo. "Ine chaka changa choyamba kwa dokotala ndinapha zisanu ndi nsomba imodzi, ndipo ndinanamizira magetsi. Ikani mbaleyo pansi, Bambo, mundipatse madzi akumwa."

Anacheza za mapasa mpaka chakudya chamadzulo, kuti wina watengera mphuno ya agogo ake aamuna ndipo winayo, mwatsoka, mawu. Za nsomba sizinatchulidwenso, ndipo a Hutala sankadziwa ngati ntchito yawo yathera pomwepo.

Kutacha anadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi, kudikira kuti akazi awo adzambatuke monga ankachitira masiku onse a ukwati wawo, mbalame zisanayambe kulira. Anadikira mpaka dzuwa linalowa pawindo. Kenako anawagwedeza paphewa pang'ono.

"Mayi, kwacha. Madzi a mu sampu aja."

Mayiwa sanatsegule n'komwe maso. Anakokera bulangete kumutu n'kutembenukira kukhoma.

"Nanga mukundiuziranji ine? Pitani, zikukudikirani. Mukamaliza muikenso ketulo pamoto."

A Hutala anatuluka monyang'ama, n'kutseka chitseko mosamala kuti chisalire. Ali chogwada pa kabati, chigubu chili m'manja, anamva kuchipinda kuja akazi awo ayamba kuliza mkonono.