Shuga Amene Ndinadziyeza Ndekha

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Munali mu Epulo, chaka chotsatira chisankho cha matipate, ndikuphunzitsa sayansi pasekondale ina kwa Mavwere. Ndinkamwa madzi osakhutira, kukodza pafupipafupi, ndipo pofika Juni lamba wanga anali ndi mabowo awiri atsopano.

Masiku amenewo munthu akaonda, anthu ankadziwiratu matenda ake. Aphunzitsi anzanga anayamba kundipatsa moni wachisoni. Mkazi wanga, Nabanda, sanafunse kanthu, koma anasiya kuseka. Inenso ndinkaopa zomwezo, n'chifukwa chake kuchipatala sindinkafuna kupondako.

Tsiku lina ndinaona nyerere zitaunjikana pomwe ndinakodza. Ndinalowa mulabu, n'kusakaniza mkodzo ndi mankhwala abuluu oyezera shuga m'zakudya, n'kutenthetsa. Zinafiira ngati njerwa, kusonyeza kuti ndinali ndi matenda a shuga. Ndinangosiya kuthira shuga mutiyi, n'kumati nkhani yatha. Mphunzitsi wa kemisitiri akaimenso pamzere wa chipatala? Nabanda sindinamuuze, poti ndinkachita manyazi kutchula za mkodzo.

Mu Ogasiti zolemba zanga zomwe pabolodi zinayamba kuoneka mbuu, kenako ndinakomoka m'kalasi. Lole ya fodya inandifikitsa kuchipatala cha mishoni. Ndinagonekedwa milungu itatu: dilipi, jakisoni m'mamawa, kuyezedwa magazi, kenako kudikira dokotala.

Dokotalayo anali bambo wokalamba wa ku Sikotilandi. Kwawo anaphunzira udokotala, n'kukhala pulofesa wa kemisitiri zaka zambiri, ndipo atapuma anabwerera kwa odwala. Ndinawafotokozera monyadira za kuyeza kwanga. Anandifunsa mtundu womwe ndinaona ndi nthawi yomwe ndinatenthetsa, n'kugwedeza mutu.

"Munayeza bwino, aphunzitsi," anatero. "Nanga munauza ndani?"

Kenako dokotalayo anatiyeza magazi tonse awiri, ine ndi Nabanda, ndipo kachilombo tinkaopa kaja sikanapezeke. Apo m'pamene ndinamva kuti Nabanda anali atapempha kale achimwene ake ku Dambe kuti adzalere ana athu.

"Miyezi iwiri ndakhala ndikukonzekera maliro awiri, inu yankho muli nalo," anatero Nabanda motsitsa mawu. Zinandipweteka kuposa jakisoni.

Lero ndili bwino. Ndimadzibaya mankhwala kawiri patsiku, ndipo ndikuphunzitsabe. Diso lamanzere lokha silinabwerere. Dokotala anati ndikanabwera mu Juni likanapulumuka. Mukaona ludzu losatha ndi kuonda, pitani kuchipatala msanga, ndipo uzani amene mumakhala naye. Ine ndinadziwa dzina la matenda anga nthawi yabwino, koma bolodi ndimaliona ndi diso limodzi.