Masamu Ofuna Chisanza Chonyowa

Pa yunivesite alipo amene anaphunzira kalikulasi, masamu ovuta aja, kamodzi, ena kawiri chifukwa cha kuuma mutu. Koma aNachisanza amumva zaka khumi ndi zinayi, ngakhale sukulu anailekera sitandade sikisi. Ntchito yawo ndi kusesa chipinda chachikulu cha masamu, kutola mabotolo pansi pa mabenchi, ndi kufufuta bolodi aphunzitsi akatuluka. Dzinalo anawapatsa ndi ana a sukulu, poti chisanza sichichoka paphewa pawo ngakhale pomwa tiyi.

Masamu enieniwo sawadziwa, tisawanamizire. Chizindikiro chachitali chokhota chija amati mbedza, china chija amati eyiti woledzera chifukwa chimalembedwa chogona. Koma mayendedwe a phunziroli amawadziwa kuposa akalaliki a mu ofesi. Lolemba ndi Lachitatu Adokotala, mphunzitsi wa phunziroli, amaphunzitsa gulu lonse. Lachisanu ana amagawidwa m'timagulu n'kulemba kamayeso kakafupi. Pa malikisi 100, khumi ndi a homuweki, 15 a timayeso ta Lachisanu, 25 a mayeso apakati, theka lonse lotsalalo limadikira mayeso omaliza. Wofika 50 wapulumuka. Sabata yoyamba ena amakhala ndi pawindo pomwe, koma zotsatira za apakati zikangotuluka, chipinda chimapepuka, kusesanso kumaphweka.

Chaka chino pa benchi lachitatu pankakhala mwana wotsiriza wa aNachisanza, mtsikana wofuna uinjiniya, amene akakumana ndi mayi ake m'khonde ankapereka moni wa m'mphuno. Popanda kalikulasi, chaka chachiwiri sakanachiona.

Tsiku lina masana anatulukira m'kachipinda ka matsache, mmene mayiwo amadyera, maso ali psuu, fomu ili m'manja.

"Amayi, apakati aja ndapeza 9 pa 25. Ndikusiya. Ndikapereka fomuyi lisanathe Lachisanu, salemba kuti ndalephera."

"Lero wandidziwa kuti ndine mayi ako? Khala pa ndowapo. Homuweki uli ndi angati?"

"Eyiti."

"Timayeso ta Lachisanu?"

"Seveni. Kena ndinapeza ziro, tsiku lomwe ndinadwala mutu lija."

"Kameneko amataya. Kochepetsetsa kamodzi sawerengera."

"Wakuuzani ndani?"

"Zili pa pepala lomwe munapatsidwa sabata yoyamba. Ine ndinatola makumi anayi pansi, ena mutapukutira mafuta m'manja."

Mtsikanayo anadinadina pa foni, seveni uja n'kusanduka naini. Zonse pamodzi 26. Pa 50 omaliza ankafunika 24 basi.

"Komabe, amayi, buku lake mwaliona? Likhoza kutsekera chitseko. Ndiyambira pati?"

Apa aNachisanza anasuzumira kaye m'khonde, n'kutsitsa mawu. Adokotala, iwo anatero, akamalemba zinthu zongodutsa, choko chimangoyandama, chisanza chouma chimachotsa ndi dzanja limodzi. Koma akafika pa zomwe amazikonda, amaima ndi zala zakuphazi, kukanikiza mpaka choko kuduka, kenako kuzunguliza bokosi. Zimenezo sizichoka popanda madzi, ndipo phewa limawawa. Ndiye chaka ndi chaka, mayiwo akamatola mapepala a mafunso mayeso omaliza atatha, zithunzi zomwe amaziona ndi zomwe zija zinawapweteka phewa.

"Sindinabe kanthu ine. Amalemba pamaso pa anthu mazana awiri, koma inu mumakhala muli pa foni."

"Amayi, masamu sayendera phewa."

"Chabwino, a injiniya. Kapereke fomuyo."

Sanakapereke. Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse a Lolemba ndi Lachitatu ankabwera ndi kope lake kudzafunsa zomwe zafuna madzi.

"Thanki yodontha ija, ndapita kumpopi kawiri. Makwerero otsetsereka pakhoma, choko chinaduka katatu. Mbedza ziwiri zotsatizana, usavutike nazo kwambiri, ndangopukuta ndi chigongono."

Iye ankapita kukalimbana nazo ku laibulale, mpaka wothandiza wa Adokotala, amene amachonga timayeso, anayamba kubisala akamuona akubwera ndi mafunso.

Zotsatira zomaliza amazimata pakhoma, manambala okhaokha popanda mayina. Nambala ya mwana wawo aNachisanza anali ataiyika pamtima kalekale, choncho pomwe mwiniwake amafika, anapeza mayi ake ataima pamenepo ndi tsache, akuuza aliyense wodutsa, ngakhale wodzakonza magetsi.

"Fifite seveni. Uyu apayu, wachinayi kuchokera pansi. Wanga ameneyo."

Mtsikanayo anawakumbatira m'khonde momwemo, anzake akuona, fumbi la choko n'kumuyeretsa bulauzi yonse.

Ali choncho Adokotala anadutsa, chikwama kukhwapa.

"Mayi, kodi uyu ndi wanu? Funso la thanki analiyankha bwino kwambiri. Anthu ambiri linawagwetsa."

"Amalimbikira, bwana," anatero aNachisanza, maso ali pansi ngati munthu wosadziwa kanthu.

Atapita Adokotala, mwana uja ananong'ona: "Teremu ikubwerayi kuli kalikulasi wachiwiri. Mundithandizanso eti?"

"Ameneyo amaphunzitsa ndi mayi wamagalasi uja. Choko sagwira, amangowalitsa makina pakhoma, akazimitsa zonse zapita. Kumeneko, mwanawe, ukakhale benchi loyamba, foni usiye m'chikwama."