Madzi a Amalume Ankaphulika

Amalume anagwira ntchito ya madzi moyo wawo wonse, koma chitsime sanakumbepo. Madzi awo anali a mu kompyuta. Ku yunivesite anali ndi kaofesi kopanda zenera, komwe ankakhala ndi mnzawo, mayi wina wamtali amene aliyense ankangowatchula kuti Adokotala.

Nditawafunsa amalume za ntchitoyo, anandiuza kuti madzi ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyu, ndipo kalikonse kali ndi magetsi ake. Akatswiri ambiri ankalemba mapulogalamu a kompyuta ngati kuti magetsiwo sasuntha. "Koma mphwanga, kamolekyu kakayandikana ndi kanzake, magetsi ake amasendera mbali imodzi. Ine ndikufuna kompyuta izidziwa zimenezo."

Vuto linali lakuti timamolekyu tiwiri tikayandikana kwambiri, tinkakokana mopyola muyeso, manambala n'kukwera mpaka pulogalamu n'kuima. Amalume ankangoti, "Madzi aphulikanso."

Tsiku lina Adokotala anati, "Achimwene, bwanji tingochepetsako mphamvuyo pamene tinthuti tayandikana kwambiri?"

"Kumeneko n'kunamiza madzi," anayankha amalume, ana asukulu akumva. "Ngati mwatopa, nenani kuti mwatopa."

 Chaka chisanathe Adokotala anasamukira ku yunivesite ina, nakayesa njira yawo ija, ndipo inatheka. Anaimba foni kuti dzina la amalume lilembedwe nawo pa zotsatira za kafukufukuyo, poti maziko ake anali a amalumewo. Amalume anakana, n'kudula foni.

Anapitiriza okha, imvi mpaka mbuu. Madzi ankaphulikabe. Kenako akuluakulu anawachotsa pa kafukufuku n'kuwapatsa ana a chaka choyamba. Ankaphunzitsa bwino, koma azakhali, akazi awo, ankati munthuyo ankabwera kunyumba ngati wochokera kumaliro.

Amalume atapuma pa ntchito, m'mawa wina anatsegula pulogalamu yawo yakale pa thebulo lodyera, n'kuikamo njira ya Adokotala. Inali mizere yochepa chabe. Pulogalamu inayenda mpaka kumapeto, ndipo madzi anachita monga madzi enieni amachitira. Azakhali anawapeza atagwira tsaya, tiyi atazizira.

"Mayi uja ankanena zoona," anatero amalume.

"Ndiye mukuuza ine? Auzeni eniake."

Anaimba masana omwewo. Anayankha ndi amuna awo a Adokotala, mwaulemu ndithu. Anati mayiwo alipo, amadya bwino, koma masiku ano sazindikiranso anthu, ngakhale ana awo. Amalume anapempha kuti awapatsebe mayiwo foniyo. Anapepesa, nafotokoza zonse bwinobwino. Mayiwo anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa ngati iwo ndi a galimoto yodzawatenga.