Tsiku Lomwe Ndinakolopa Leni 7 ndi 8

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai anandipezera achimwene Twaibu, akwathu ku Balaka, omwe amayendetsa takisi. Anatsitsa kasitomala pamalo osewerera bolingi ku Al Muraqqabat n'kumva kuti akufuna wokolopa. Anandiimbira pomwepo: "Yusufu, vala malaya abwino, yalla, fulumira!" Eni malowo anandilemba pa miyezi isanu ndi umodzi yondiyesa. Ndikanapambana, pakutha kwa chaka akanandipatsa tchuthi n'kukaona mwana yemwe mkazi wanga Asiyatu anabereka ine ndili kale kuno.

Bolingi ndi masewera ogubuduza mpira wolemera pakamsewu kosalala kotchedwa leni, kuti ukagwetse mapini khumi oimikidwa kumapeto. M'mbali muli ngalande, ndipo mpira ukagweramo watayika. Zida zanga zinali mopu, ndowa, nsanza ndi mankhwala opopera m'nsapato zomwe timabwereka osewera. Kukolopa ndinkakudziwa ndipo ndinkadzitama nako. Chinkandinyansa n'chakuti mipira inkabwerera ili ndi mizere ya oyilo. Ndinkaipukuta uku ndikutsonya: malo odula chonchi, koma uve! M'mawa uliwonse Rodel, makaniko wa ku Philippines, ankayendetsa pa maleni makina aakulu ngati filiji yogoneka. Ine ndinkayesa ndi makina otsukira omwe anayamba kudontha. Sindinafunse, ndinkaopa kuoneka wakumudzi.

Sabata yomaliza yondiyesa, Lachisanu, mayi wina anapyola mzere womwe osewera saudutsa, n'kuponda pa leni 7, n'kugwa chagada. Podzuka anapaka oyilo ponseponse poima osewera. Bwana wathu Sajid anandikalipira pagulu: "Pansi pazikhala pouma nthawi zonse, wamva?" Iwo ankanena poima anthu. Ine ndinamva ngati akunena pansi ponse, ndi maleni omwe.

Loweruka kunali mpikisano. Ndinakwera basi yoyamba kuchokera ku International City komwe ndinkagona. Ndinapeza Rodel atayendetsa kale makina ake, walowa kuseri kukonza zoimikira mapini. Nditagwada n'kusuzumira, maleni onse anali nyezinyezi ndi oyilo. Ndinasungunula sopo, ndinavula nsapato, n'kukolopa leni 7 ndi 8 kuyambira pamzere mpaka pamapini, kenako n'kuumitsa ndi nsanza. Nthawi ikanalola ndikanamaliza onse.

Pa maleni amenewo panagwera bambo wina wachikulire yemwe ankabwera tsiku lililonse ndipo ankandipatsa moni wa "habibi", kutanthauza wokondedwa m'Chiarabu. Anali atakonzekera mpikisanowu miyezi yambiri. Anaponya monga mwa masiku onse, koma mpira unakhota uli pakati pa njira, n'kudutsa kutsogolo kwa mapini, mpaka m'ngalande yakumanzere. Anasintha poima, zomwezo. Anatenga mpira wina, unafika wofooka n'kugwetsa mapini atatu okha. Pa leni 9 anzake ankangogwetsa khumi khumi. Bamboyo anagwada, anakhudza leni ndi chala n'kuchionetsa kwa Sajid: gwa, chouma.

"Wachita izi ndani?" anafunsa Sajid.

Ndinakweza dzanja. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinalikweza ndikumwetulira.

Anaimitsa masewera pa maleni awiriwo, anthu akung'ung'udza. Rodel anandikokera kuseri n'kundifotokozera zomwe ndikanadziwa tsiku loyamba ndikanangotsegula pakamwa. Oyiloyo amathira dala. Makina amatsuka leni, kenako n'kupaka oyilo pamagawo awiri mwa atatu oyambirira, wambiri pakati, wochepa m'mbali. Mpira umatsetsereka pamenepo ukusunga mphamvu yake yozungulira, ndipo ukafika pouma kumapeto umagwira pansi n'kukhotera pamapini. Oyilo akachuluka, mpira umangoterereka osakhota. Akachepa, umagwira msanga, umakhota msanga, n'kufika utatopa. Masewera akamapitirira, mipira imamwa oyilo ndi kumukokera kutsogolo, n'chifukwa chake osewera amasuntha poima ndi kusintha mipira: wapulasitiki umayenda molunjika, wakhungu lokhakhala umaluma pansi.

"Mnzanga," anatero Rodel, "iwe wakolopa masewera enieniwo."

Sajid sanakalipe ulendo uno. Anangoti, "Siya yunifomu. Khalas, zatha." Potuluka ndinadutsana ndi bambo uja akulongedza mipira yake, poti anali atasokonezeka ndipo anatuluka mumpikisano. Sanandiyang'ane.

Viza anaidula. Nditazungulira masabata atatu ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto pansi panthaka pa nyumba ina yamasitolo, komwe dzuwa sindiliona ndipo tchuthi chimabwera pakatha zaka ziwiri. Masiku odikira tchuthi anawerengedwanso kuyambira pachiyambi. Asiyatu ndinamuuza kuti kampani inachepetsa antchito. Ndingamuuze bwanji kuti anandichotsa chifukwa chokolopa bwino?

Phunziro ndinalitenga, ngakhale silindithandiza kwenikweni: pantchito ya eni, chomwe sukuchidziwa usachikhudze usanafunse, ngakhale akuseke. Lero ngakhale kadontho pagalimoto ndimayamba ndafunsa mwini wake ngati ndichotse. Anzanga amandiseka.

Mwana uja tsopano akuyenda. Dzulo Asiyatu anamufunsa kuti, "Ababa ali kuti?" Iye analoza foni.